Ba Tiyanjane na Tumababu twa Kichini Pati

Ayini yanu ikaleka kupya kuno ku Chawama, musavutike kufunsa banthu bambili. Pitani chabe kuseli kwa maliketi, pamene bagulitsa malasha, muyang'ane ka shopu ka buluu kali na ketulo yakufa yopachika pa chitseko. Mukati muzapeza mai wamufupi, magalasi pa mphuno, sikulu dilaiva yotsomeka mu duku. Ee, mu duku! Bena bafaka maluwa kumutu, koma ba Tiyanjane bafaka sikulu dilaiva.

Na moni wao ni wina. Mukalowa na ayini kumanja, sibayamba na "muli bwanji" iyayi. Bayamba na kutsegula pulagi. Bakapezamo ka pepala konyezimila ka mu paketi ya fodya pamalo pa fyuzi, magalasi yaja yatsika mpaka kunsonga kwa mphuno.

"Ndani anafaka ichi?"

"Ni ba landilodi."

"Ba landilodi bafuna kugona panja? Fyuzi banaipanga dala yofooka. Moto ukachuluka, iyo ndiye iduka, nyumba itsala. Manje imwe mwafakapo chinthu chosaduka. Chizaduka ni chani? Ni denga lanu."

Bamuna bena bakabwela koyamba, bayang'ana uku na uku, ati, "Bali kuti bamuna banu, bokonza?" Ba Tiyanjane osakweza na mutu: "Bali ku nchito. Yadwala ni ayini olo ni maso?"

Beve banabadwila mwamuno mu Chawama, koma ambuye bao banachokela ku Malawi kubwela kufuna nchito. Sukulu inathela mu giledi seveni. Nchito yao yoyamba inali yosesa pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, ndipo banasesa zaka khumi na zinai. Kumeneko kunali mudala wina wa magetsi, ba Rodgers, wamene maso yanayamba kumuthawa. Akatsegula bokosi ya mawaya mu kona ya mudima, sanali kuonanso bwino mitundu. Kuuza bakulu ba nchito anali kuopa. Ndiye tsiku lina anaitana mai wa tsache.

"Imwe amai, bwelani kuno. Uyu waya ni wofiila olo ni wakuda?"

"Wofiila. Nanga asebenza chani?"

Apo ndiye vinayambila! Ba Rodgers bakafunsa mutundu umodzi, ba Tiyanjane babweza funso imodzi. Swichi ichita chani? Iduladula njila, moto usapite. Nanga chifukwa chani waya ali na pulasitiki kunja? Kuti moto usatulukile mu manja mwanu. Nanga mbalame ikakhala pa waya wa pa mtengo siifa bwanji? Mudala anali kuseka, koma anali kuyankha vonse.

Chinthu choyamba chimene banatsegula kunyumba chinali wailesi ya bamuna bao, ba Edwell. Inali kulila bwinobwino, bane, inalibe na mulandu! Banangofuna kuona mukati. Wailesi ija inakhala chete miyezi itatu, ba Edwell nabo chete masabata yawili. Koma m'mawa wina ba Edwell bakubwela kuchokela ku ulonda, banamva nyimbo kuchokela pa msewu. Banalowa, banayang'ana wailesi, banayang'ana bakazi bao, ati, "Na tochi yanga ivuta." Fakitale pamene inatsekedwa, ka shopu ka buluu kanatsegulidwa.

Manje nkhani yeniyeni ni iyi.

Ba Tiyanjane bali na mwana umodzi mukazi, Sophia. Sophia anakula bana bamu komboni bakumuitana kuti mwana wa ba Mawaya, ndipo dzina ija sanaikondepo. Chaka chatha anapeza munthu, Kabwe, munyamata wa ku Luanshya, banja la Chibemba, banthu ba tchalitchi maningi. Banayamba kukonza kichini pati, phwando lija la bazimai bokhabokha, pamene mukazi wokwatiliwa abwela wophimbidwa na chitenge mpaka mwamuna wake azamuvundukule pamaso pa bonse.

"Mami," Sophia anati, "napapata, chonde. Tsiku ija mukakhale chabe pa mupando monga ba mai ba banthu bena. Mukavale bwino, mukamwetulile. Osati mawaya."

"Nizakhala," ba Tiyanjane banati. "Koma pamwamba pa mupando wako pazakhala uta wa tumababu. Kabwe akakweza chitenge, tonse tuyaka pamodzi. Mphatso yanga ni imeneyo."

"Nanga tukakana? Muziba banthu ba ku Luanshya bazakamba mpaka ine nikalambe?"

"Situzakana."

"Mami."

"Nakulonjeza."

Sophia anapumila m'mwamba, anavomela. Ndiye kuchokela apo, ulemu wa mwana pamaso pa apongozi unali pa tumababu.

Imwe, mukanaona mwamene banapangila! Banatenga paipi ya pulasitiki, banaipinda monga uta. Banazungulila magalaji yonse kufuna tumababu tung'onotung'ono twa mu motoka zakufa, mpaka tunakwana fote eyiti. Ba neba banabwela kuzasuzumila, ati, "Nanga simungagule chabe tuja twa Khilisimasi?"

"Tuja? Kamodzi kakafa, tonse tuzima, chifukwa tuli pa njila imodzi, moto upitila mu aka kuti ufike ku ako. Onani utu." Kababu kalikonse kanali na mwendo umodzi pa waya wofiila, wina pa waya wakuda, kalikonse na njila yake. Banazulako kamodzi. Tunzake tunapitiliza kuyaka monga palibe chachitika. Ba neba banaomba m'manja.

Malaiti ya ku khoma sibanayadalile, chifukwa masiku yano yangapite nthawi iliyonse. Banabweleka batili ya motoka.

Pa Chibelu m'mawa, tsiku la phwando, banali kale ku holo. Batili banaifaka mu ka chipinda ka kumbuyo. Mawaya yawili, wofiila na wakuda, banayayendetsa pansi m'mbali mwa khoma, kuseli kwa makatani, yopimidwa ndendende, yokhomedwa na tumisomali kuti munthu asakodwemo. Swichi banaimanga pansi pa mupando wao. Banayesa katatu. Katatu konse, ngwee! Banabwelela kunyumba, banasamba, banavala dilesi ya chitenge ya manja yakuluyakulu, duku yoimilila monga tambala, yopanda sikulu dilaiva. Ba Edwell banaiyang'ana duku ija, banagwedeza mutu, ati pali chosowa. Koma mu chikwama sibanayang'anemo. Munali tepi, pulayazi na kababu koyesela moto.

Kufika ma fifitini, fili koloko masana, holo inali yodzala thothotho. Bazimai bokhabokha! Bang'oma bazimai, bophika bazimai, pa chitseko mai wamkulu wobweza mwamuna aliyense kupatula mukwati na banzake. Mazenela yonse yotchingidwa na nsalu, mukati muli ka mudima kabwino, kapfungo ka pefyumu na nkhuku yokazinga. Sophia banamulowetsa pang'onopang'ono pansi pa chitenge, banamukhazika pansi pa uta uja. Alangizi, mai wamene amamuphunzitsa va banja, banakhala pambali pake.

Kunja hutala inalila. Pipiii! Kabwe wafika pa geti! Bazimai bonse banacheukila ku chitseko, nthungululu mbwee. Ba Tiyanjane banati, ino ndiye nthawi yoyesa kamodzi komaliza, palibe oona. Banatsitsa dzanja pansi pa mupando. Tiki.

Palibe.

Tiki, tiki.

Palibe, mayo! Tumababu fote eyiti tunangoti duu.

Manje bachite chani? Kuitana munthu wa magetsi? Muno simulowa mwamuna. Kuthamangila ku shopu? Mukwati ali pa geti. Banayang'ana chitenge chija, banaona tumapazi twa Sophia tukutuluka pansi, chala chachikulu chikukanda chinzake. Mwana uja akachita mantha ndiye mwamene achitila kuyambila ali kamwana.

Banapendekela kwa alangizi. "Banyamata aba musabalowetse mwamusanga. Bavine."

"Bavine kangati?"

"Mpaka bafune madzi."

Banatenga chikwama, banazembela kumbuyo. Choyamba batili: banagunditsa kababu koyesela ku mitu yonse iwili, kanayaka. Batili ili moyo. Fyuzi: yathunthu. Ndiye kuti njila yaduka penapake pakati. Panalibe nzelu ina koma kulondola na manja. Mai wa mukwatibwi, na dilesi yake ya manja yakulu, anagwada pansi, analowa kuseli kwa makatani, anayamba kukwawa! Dzanja lamanja pa wofiila, lamanzele pa wakuda. Uku khoma, uku miyendo ya mipando na vidyendye va bazimai vikugunda pansi na ng'oma. Wina anamva chinthu chamukhudza, anakuwa, "Pusi!" Ba Tiyanjane banapitiliza kukwawa.

Pakati pa holo, dzanja lamanzele linagwila mphepo.

Waya wakuda wathela apo. Osati wodyedwa na khoswe iyayi, wodulidwa bwinobwino na mpeni. Kutsogolo, mutunda wa mukono umodzi, unayambanso. Kukoka kuti nsonga zikumane sikunatheke, tumisomali tuja tunagwila nchito yake bwino maningi. Pakati paja panasowa chidutswa, ndipo waya wina banalibe.

Ndani angachite ichi? Ndani ali na mutima woipa tele?

"Kwoo... kwo, kwo."

Banakweza katani pang'ono. Pansi pa mupando panagona nkhuku. Nkhuku yamoyo, thadzi lonenepa la mawanga, likuphethila monga nalo linaitanidwa. Miyendo yake inali yomangidwa mwaluso, kuzungulila kanai, na waya wakuda.

Banakweza maso. Pa mupando paja panakhala ba Chisenga, mulongo wamkulu wa batate bake ba Kabwe, munthu wamene banja lonse la ku Luanshya limuopa. Munthu wotele simungamukalipile. Simungamuloze na chala. Simungamufunse muli choimilila.

Mwamwayi ba Tiyanjane banali kale pa maondo. Banatulukila mu katani, banaomba m'manja mwaulemu, banabaitana mwamene baitanilana makolo bamene bana bao bakwatilana.

"Asebele, mwafika bwino?"

Ba Chisenga banadzidzimuka. "Yangu! Bana Sophia, ba mai ba mwana! Muchita chani pansi?"

"Nabwela kupatsa moni nkhuku yanu. Yabwino shuwa."

Ba Chisenga nkhope inawala. "Mwaiona? Ya mwana wanga Sophia iyi. Bena babweletsa mapoto, ine nati awe, nyumba yatsopano ifunika chamoyo. Nachokela nayo ku Luanshya pa miyendo. Nomba chingwe chinaduka potsika basi, inafuna kunithawa muno muno!"

"Ndiye munapeza ka waya."

"Ee! Nayang'ana kuseli uku, mawaya yawili yagona chabe pamodzi, yopita kumodzi. Nati yawili ya chani? Umodzi ukwana, uyu wina ni sipeya. Koma ine sindine woononga, mwandi. Nasiya wofiila uja, wokongola. Natenga wakuda chabe."

Bakamba ivo monyada, bane, monga munthu wamene wasungila banja chuma!

Ku chitseko ng'oma zinakwela. Kabwe na banzake bawili banali kuvinitsidwa, thukuta kale pa mphumi. Ba Tiyanjane banasendela pafupi na ba Chisenga.

"Asebele, munakwela basi ya ku tauni kubwela ku Chawama?"

"Ee, ka buluu. Ka kondakitala kamwano."

"Ka basi kaja kakafika kuno, kachita bwanji?"

"Kabwelela ku tauni, kaili."

"Moto wa mu batili ni chimodzimodzi. Uchoka na waya wofiila, upita mu tumababu tuja pamwamba pa mwana, ubwelela ku batili na wakuda. Uzungulila chabe, kupita na kubwela. Manje moto uyu ni dilaiva wovuta. Akamva kuti njila yobwelela yaduka, sanyamuka nkomwe pa siteshoni."

Ba Chisenga banayang'ana uta uja. Banayang'ana nkhuku. Banayang'ananso uta. Dzanja linapita pa kamwa.

"Nshaishibe, mayo! Sininazibe! Ndiye kuti msewu wobwelela uli ku miyendo ya nkhuku?"

"Onse."

Bazimai ba pafupi banali batamva. Umodzi anabisa nkhope mu chitenge, mapewa yakugwedezeka. Wina ananong'oneza munzake, ndipo kaphwete kanayamba kuyenda pa mzele. Ba Chisenga makutu yanatentha. Mai wamkulu kusekedwa na banthu ba ku chikazi, tsiku loyamba! Ba Tiyanjane banaona kuti apa tumababu tungayake, koma Sophia azalowa mu banja limene ba anti ba Kabwe bali na chilonda.

"Thandizeni, asebele," banati mokweza pang'ono. "Ine nkhuku niiopa. Imwe ndimwe muziba kagwilidwe."

Bodza! Ba Tiyanjane bapha nkhuku na dzanja limodzi. Koma ba Chisenga banawongoka pomwepo. "Banthu ba mu Lusaka! Patukani." Banainyamula, banaipanikiza mu khwapa, banamasula waya, banaupeleka. Thadzi linaponya miyendo kawili, linagonja.

Ba Tiyanjane banabwelela mu katani. Pulayazi, senda uku, senda uku. Kupota nsonga na nsonga, zolimba. Tepi, zungulile, zungulile, kuluma na mano. Mbali inayo chimodzimodzi. Manja yanaziba njila yokha. Pamene banali kumaliza, nthungululu zinang'amba holo. Alangizi balephela kugwila banyamata, Kabwe ali kale pakati, ayenda pang'onopang'ono na maluwa kumanja.

Nthawi yoyesa panalibe. Kuyesa manje ni kuululila banthu bonse.

Banatuluka, banagwila ba Chisenga pa mukono. "Tiyeni kutsogolo. Imwe ndimwe bakulu. Ndimwe muzayatsa."

"Ine? Na nkhuku?"

"Dzanja lina lilipo."

Banabakhazika pa mupando wao, banamasula swichi, banaifaka pa miyendo yao. "Chitenge chikafika kumutu, mudinikize apa. Osati manje! Chikafika kumutu." Beve banagwada pambali. Nanga ngati pali pena podulidwa? Nanga ngati kunali nkhuku ziwili?

Kabwe anagwada pamaso pa mukazi wake. Anayamba kupinda chitenge kuchokela ku mapazi. Maondo. Manja. Mapewa. Bazimai bonse khosi kutalika. Chibwano...

Tiki.

Ngweee!

Imwe! Fote eyiti, tonse pamodzi, palibe na kamodzi kotsala! Mudima uja unasanduka golide. Mikanda ya pa dilesi ya Sophia inayamba kuthwanima, mapoto ya mphatso yanathwanima, na thukuta la Kabwe linathwanima. Holo inaphulika. Bazimai kuimilila pa mipando, mafoni m'mwamba, bang'oma kusokoneza nyimbo. Thadzi linakuwa kamodzi, kwaaa, ndipo ba Chisenga banakuwa kupambana thadzi: "Ndine nayasha! Ndine!"

Manje mwambo ukamba kuti mukwatibwi akavundukulidwa, mutu pansi, maso pansi, kumwetulila ayi. Akhale monga chithunzi, banthu baone kuti anaphunzitsidwa. Sophia anayesa, shuwa anayesa. Koma anaona kuwala kwagwela pa manja yake, ndipo diso limodzi linakwela lokha. Linaona uta. Linatsika, linapeza ba mai bake: fumbi pa maondo, ulusi wa kangaude pa duku, tepi yakuda pa mukono monga chibangili. Pambali pao apongozi bakulu ba ku Luanshya, nkhuku mu khwapa, swichi kumanja.

Analuma mulomo. Mapewa yanayamba.

"Maso pansi, iwe!" alangizi banamutsina.

Vinakanika. Sophia anaphulika na phwete, misozi mbwee, mpaka Kabwe naye anagwila pa mimba. Alangizi banayang'ana ba Chisenga mwamantha kuti bazakamba chani.

"Mulekeni aseke!" ba Chisenga banati. "Ni mwana wa mu nyumba ya nzelu uyu. Imbani!"

Ng'oma zinayambanso, ndipo apo ba Chisenga banatulukila kuti swichi ingazimitsenso. Tiki, mudima. Tiki, ngwee. Tiki, tiki, motsatana na ng'oma! Bazimai banapenga. Bonse banathamangila pakati kuvina.

"Asebele, basi, tumababu tuzapya," ba Tiyanjane banachondelela.

"Tukapya muzakonza," ba Chisenga banati, osacheuka. "Gwilani nkhuku."